Galasi Limene Linkaloza Kumadzulo

Galimoto ija sindinagule ndine. Inali ya akulu anga, ndipo inabwera m'manja mwanga pamodzi ndi jeke wopindika, masaka atatu opanda kanthu ndi fungo la mtedza limene silinachokemo mpaka lero. Akulu angawo ankagula mtedza m'midzi ya kwa Magodi n'kumadzagulitsa pamsika wa Lundazi. Ine ndili ndi kasitolo kanga ka mbewu ndi makasu pafupi ndi msika womwewo, ndipo ndisaname, za magalimoto ndinkangodziwa kuliza injini ndi kuponda buleki basi.

Chimene iwo ankanyadira m'galimotomo sichinali injini kapena matayala ayi. Chinali galasi loonera kumbuyo. Pakona pake panali kawindo koyaka mobiriwira, kosonyeza zinthu ziwiri: nambala ya kutentha kwa kunja, ndi chilembo cha kampasi chonena kumene galimoto yalunjika. Tikamapita kumudzi ankagogoda galasilo ndi chala n'kundiseka, amvekere, "Waona? Kagalasi aka kamadziwa kumpoto, pamene iwe ndi sukulu yako yonse umasochera m'munda wa amama." Ndinkawayankha kuti munthu wofunsa galasi njira ya kwawo ndiye wosochera weniweni. Tinkakangana choncho mpaka kukafika.

Anamwalira mu Juni, atangodwala masiku asanu okha. Ndine ndinapita kumochale kukawatenga. Pamene wogwira ntchito kumeneko ankatsegula chitseko cha firiji, ndinalephera kuyang'ana m'katimo, maso anga anathawira m'mwamba. Pamwamba pa chitsekocho panali kanambala kofiira kosonyeza kuzizira kwa m'firijimo, 4. Sindikudziwa chifukwa chake, koma pa zonse za tsiku limenelo kanambalako ndi kamene kanandikanirira m'mutu.

Tinapinda mipando yakumbuyo n'kulowetsa bokosi m'galimoto yawo yomwe. Akwaya a kumpingo anamangirira chimkuzamawu chawo padenga, kutsogolo kwenikweni, n'kumaimba njira yonse ali mulole kumbuyo kwathu. Kwathu kuli mwambo wakuti maliro asanapite kumanda, bokosi limazungulitsidwa nyumba pang'onopang'ono kuti womwalirayo atsazike pakhomo. Akulu anga analibe nyumba kumudzi, choncho anatsazika ya amama, momwe anabadwira. Anali munthu wa thupi, ndiye akuluakulu anati tisavutike kunyamula, galimoto yomweyo izungulire. Ndinaiyendetsa ndine, pagiya woyamba, azimayi akulira m'mbali.

Pobwerera kuboma maliro atatha, m'pamene ndinaona kuti galasi lasintha. Nambala inali 4. Chilembo chinali W, kutanthauza kumadzulo. Ndinakhota kumanja, W. Ndinakhota kumanzere, W yemweyo. Za nambalazo ndinadzinamiza kuti ndi Juni, kukuzizira, ngakhale dzuwa linali paliwombo ndipo ndinali nditavula jekete. Koma za chilembozo ndinasowa bodza lodziuza. Aliyense kwathu amadziwa kuti m'manda mutu wa munthu timaulozetsa kumadzulo.

Ndikanangokhala chete, nkhaniyi bwenzi itathera pomwepo. Koma ine pakamwa panga sipasunga kanthu, amandidziwa. Titapita kukagawa zovala za malemu patatha mwezi, ndinauza msuweni wanga zonsezi ngati nthabwala, za firiji, za nambala, za kumadzulo, ndikuseka kuti mantha anditsike. Sindinaone kuti amama anali atakhala kuseri kwa nkhokwe akusenda mtedza. Anangosiya kusenda kwa kanthawi, kenako n'kupitiriza.

Mu Ogasiti amama anadzibaya ndi chitsa pachala chakuphazi. Anali ndi matenda a shuga, choncho balalo m'malo mopola linayamba kudya mnofu. Pofika Okutobala linali litada ndipo linkanunkha. Mlongo wanga wamng'ono, amene ankakhala nawo kumudziko, anandiimbira foni akulira, kunena kuti a pakiliniki anena mosabisa: amama apite kuchipatala chachikulu kuboma sabata yomweyo, apo ayi mwendo upita, ndipo mwina osati mwendo wokha.

Ndinatseka sitolo n'kuthamangira kumudzi. Ndinawapeza atakhala pamphasa pakhonde, phazi atalikulunga ndi chitenje, ntchentche zili ng'waa.

"Amama, konzekani, tikupita kuchipatala."

Anayang'ana galimoto, osati ine. "Mwana wane akadali m'menemo," anatero. "Akuzizidwa."

"Amama, zija zinali zocheza chabe. Ndi galasi lowonongeka."

"Unaona wekha nambala. Unanena wekha."

"Chabwino, ndikabwereka galimoto ina."

"Sindikwera ya munthu aliyense. Ine ndiziyenda m'magalimoto, mwana wanga asanafike kumene akupita? Atsike kaye iyeyo."

Ndinapsa mtima, ndisabise. Ndinawakalipira amama anga pamaso pa anthu, kuwauza kuti afa chifukwa cha kagalasi kochokera kunja kamene sikadziwa n'komwe kuti Lundazi ali kuti. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu anauma. Kenako anauza mlongo wanga kuti andipatse madzi akumwa, chifukwa ndaoneka kuti ndatopa. Amama anali otero, ukakuwa iwo m'pamene amafewetsa mawu, koma pamene aima sasuntha.

Chokwiyitsa china n'chakuti nanenso galasilo ndinkaliopa. Pobwerera tsiku limenelo kunkatentha koopsa, nyenje zikulira m'mitengo yonse, malaya atandimatirira kumsana. Koma kawindo kaja kanali phee pa 4. Msewu unali wopanda munthu, fumbi lokhalokha. Kuti uone nambala uyenera kuyang'ana m'galasi, ndipo m'galasimo mumaoneka malo aja akumbuyo amene munagona bokosi. Mipando ndinali ndisanaidzutse chiyambire maliro, ndipo sindikudziwa chimene chinkandiletsa. Pena pake ndinamva ngati kamphepo kozizira kandikhudza kukhosi, mawindo ali otsegula, kunja kukuwotcha. Ndinapotoza galasilo kuti liloze kudenga n'kuyendetsa choncho mpaka kuboma, bambo wamkulu wa imvi kumutu.

M'mawa mwake ndinapita kwa makanika wa mawaya amene amagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Ndi bambo wochepa thupi, wosathamanga pa chilichonse, amene amavala magalasi omangidwa ndi waya mbali imodzi. Ndinamufotokozera vuto, za maliro ndinasiya. Anayala katoni pansi n'kulowa kunsi kwa bampala wakutsogolo, miyendo yokha ili kunja. Patapita nthawi anaitana.

"Akulu, bwelani muone."

M'dzanja lake munali kanthu kakuda kofanana ndi chikhokhombe cha mtedza, kolendewera pawaya. Anati ndi sensa, kamene kamamva kutentha kwa kunja n'kuuza galasi. Polumikizira pake panali patachita dzimbiri lobiriwira, matope atauma m'kati.

"Munaolokako mtsinje na motoka iyi?"

Ndinakumbukira kuti tsiku la maliro tinadutsa pakadambo kamene sikauma, galimoto italemera, madzi mpaka m'bampala. Iye anatsuka polumikizirapo ndi mswachi wakale ndi spiriti, anadula waya pamene panawola, n'kulumikiza, n'kukulunga ndi tepi wakuda. Anandiuza kuti ndilize injini. Kawindo kanaphethira, 4 anakhalapobe pang'ono. Kenako nambala inayamba kukwera yokha mpaka kukaima pa 36. Ndinaseka mokweza mpaka azimayi ogulitsa tomato anatembenuka.

Koma W anali pomwepo. Makanikayo anagogoda denga ndi chala, pamwamba pa galasi.

"Apa munaikapo chinthu cha maginito? Sipika, olo wailesi ikulu?"

Chimkuzamawu cha akwaya chija! Anati maginito ake anasokoneza chitsulo cha denga, ndiye kampasi inasokonezeka mutu, iyenera kuphunzitsidwanso. Anandisonyeza kabatani kunsi kwa galasi. Ukakadina osasiya, pamabwera chilembo C. Zikatero uyendetse galimoto mozungulira, pang'onopang'ono ngati ukuyenda pansi, katatu, mpaka C atachoka yekha.

"Koma osati muno mu boma," anatero. "Mawaya ya malaiti na malata vili ponseponse, izasokonezeka futi. Pezani malo yabwino kumudzi."

Ndinasangalala kumva zimenezo. Ndinati ndikachitira pamaso pa amama, aone okha chilembo chikusintha. Ndinadziona wanzeru kwambiri tsiku limenelo.

Tsiku lotsatira ndinafika kumudzi cha m'ma naini m'mawa. Mu Okutobala minda yonse imakhala italimidwa kale mizere kudikira mvula, ndipo kwathu mizere imafika mpaka m'mphepete mwa mabwalo. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna malo osalala. Malo okhawo anali bwalo losesedwa bwino lozungulira nyumba ya amama, yofolera ndi udzu, yopanda lata ngakhale limodzi, kutali ndi waya aliyense. Pakhonde panalibe munthu. Mlongo wanga anali atapita kukatunga madzi, amama anali m'nyumba. Sindinatsike n'komwe kukapereka moni. Ndinati ndiyambe ndakonza, ndikawadzutse ndi nkhani yabwino.

Ndinadina kabatani, C anabwera. Ndinalowetsa giya woyamba n'kuyamba kuzungulira nyumba.

Ulendo woyamba maso anga anali pagalasi pokha. Ulendo wachiwiri ndinaona kuti azimayi atatu amene ankachokera kumjigo aima panjira, ndipo mmodzi watula ndowa pansi. Ndinaganiza kuti akudabwa ndi galimoto, ndinawakwezera dzanja. Sanayankhe. Mkulu wina woyandikana nafe, amene ankasema mpini pansi pa mtengo, anaimirira n'kuvula chipewa. Ngakhale pamenepo mutu wanga sunagwire. Ndinali kuwerenga: kawiri, kwatsala kamodzi.

Ndikumaliza ulendo wachitatu, C anazima, panabwera N. Ndinakhotetsa pang'ono, chilembo chinasintha. Ndinazimitsa injini n'kutsika ndikumwetulira.

Mudzi wonse unali zii. Kunkangomveka nyenje. Mlongo wanga anali ataima pakona pa nkhokwe, madzi atamutayikira pachitenje, dzanja lili pakamwa.

"Adumbu," anatero chapansipansi, monga timaitanira mlongo kwathu, "mwachita chiyani?"

Pamenepo m'pamene ndinaona mizere ya matayala pabwalo. Inadutsa momwe inadutsa mu Juni, galimoto yomweyo, liwiro lomwelo, woyendetsa yemweyo. Ine amene ndinazungulitsa akulu anga nyumba imeneyi ndi manja angawa, ndinaiwala bwanji? Mpaka lero ndimadzifunsa, ndipo yankho limene ndimapeza n'lakuti ndinali nditakondwa kwambiri ndi nzeru zanga.

Chitseko chinatseguka. Amama anatuluka atavala yunifolomu yawo ya azimayi a kumpingo, bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, zovala zimene anatiuza kalekale kuti tidzawaveke tsiku lomaliza. Ayenera kuti anayamba kuvala nditangoyamba kuzungulira. Anatseka chitseko ndi loko, zimene sankachita masana, n'kupereka kiyi kwa mlongo wanga. Anayang'ana denga la nyumba, nkhokwe, mtengo wa mango umene anabzala okha. Kenako anayenda ndi ndodo yawo, akukoka phazi, kulunjika kugalimoto.

Ndinathamanga kukatsegula chitseko chakutsogolo. Anachidutsa. Anaima kumbuyo n'kudikira, mpaka ndinatsegula chitseko chachikulu chija cholowetsera katundu. Anakwera movutikira, anakana dzanja langa, n'kugona chagada pamasaka, pamalo penipeni pamene panali bokosi, manja atawapinda pachifuwa.

"Tiye," anatero.

Apa ndiye pamene ndimadziimba mlandu. Ndikanatha kuwadzutsa, kuwafotokozera za maginito ndi kabatani, kupepesa kwa iwo ndi kwa mudzi wonse. Mawu anali kale pakamwa. Koma ndinayang'ana phazi lija, chitenje chitanyowa ndi mafinya, ndipo ndinadziwa kuti ndikangofotokoza atsika, ndipo sadzakweranso. Anali m'galimoto. Masiku onsewo chimene ndinkafuna chinali chimenecho. Ndinatseka chitseko, ndinauza mlongo wanga kuti akwere kutsogolo, n'kuliza injini. Tikutuluka pabwalo, mayi wina anayamba kulira maliro, anzake n'kumutontholetsa.

Panjira galasi linkagwira ntchito bwino kwambiri. Msewu ukakhota, chilembo chinkasintha. Nambala inali 34, kenako 35. Koma nthawi iliyonse ndikakweza maso kuti ndione, pansi pa kawindoko pankaoneka duku loyera ndi nkhope ya amama, maso ali otseka. Mlongo wanga ankangoyang'ana kutsogolo, misozi ikutsika. Titadutsa kadambo kaja, amama analankhula osatsegula maso.

"Watsika?"

"Watsika, amama. Nambala yasintha."

"Yewo," anathokoza. "Wandisiyira malo."

Ndinaponda mafuta.

Kuchipatala anakhala milungu itatu. Anawadula zala ziwiri, koma mwendo unapulumuka, ndipo anamwino anati tikanachedwa masiku ochepa zikanakhala zina. Amama ankamwa mankhwala onse mosavuta, modabwa ngati munthu amene wapatsidwa chinthu chimene sanapemphe. Ine ndinkayenda pachifuwa pali pamtunda. Ndinkauza anthu pamsika kuti ndinawapusitsa amama kuti ndiwapulumutse, ngati kuti ndinachita kukonza dala.

Tsiku lotuluka ndinawatengera kunyumba kwanga kuboma kuti apumule, ndipo patatha sabata ndinawauza kuti Loweruka ndiwaperekeza kumudzi. Mvula inali itayamba, anthu akubzala.

"Kumudzi kukatani?" anafunsa.

"Kwanu, amama. Kunyumba kwanu."

"Ndinatsazika kale."

Pamenepo ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa dzimbiri la pawaya mpaka pa chimkuzamawu cha akwaya. Ndinawatengera kugalimoto, kuwakhazika kutsogolo, kuwasonyeza kabatani. Ndinayendetsa mpaka kumsika n'kubwerera kuti aone chilembo chikusintha. Ndinagwada pansi, ine, n'kupepesa. Anamvetsera zonse mofatsa, akugwedeza mutu.

"Ndamva, mwana wane," anatero. "Galasi lako lachira, ndakondwa. Koma nyumba yanga siidziwa za magalasi. Inandiona ndikutsazika, katatu. Anthu anandilira. Ndikalowemo ngati ndani?"

Ndinakwiyanso, ndinakuwanso, ndinaitana abusa, ndinaitana achibale. Onsewo amama anawalandira bwino n'kuwapatsa tiyi.

Anakhala kwanga zaka ziwiri, m'kachipinda ka kumbuyo koyang'anana ndi mpanda wa njerwa. Amama amene moyo wawo wonse sanagonepo kutali ndi munda wawo kupitirira sabata, tsopano ankangokhala pakhonde kuyang'ana njinga zikudutsa. Aliyense wochokera kwa Magodi akabwera kusitolo kwanga, ankandiuza kuti ndimubweretse kunyumba. Ankamufunsa ngati mango abereka, ngati mtedza wamera bwino kumunda wa kumtunda, ngati chiswe chalowa m'nkhokwe. Ankafunsa chilichonse, mpaka za nkhuku. Munthuyo akati, "Tiyeni mukaone nokha, amama," ankangoseka pang'ono n'kusintha nkhani. Mlongo wanga ankasesa bwalo koma m'nyumbamo sankagonamo, ndipo palibe wina amene anafuna kugonamo. Dzinja lachiwiri denga linagwa. Nditawauza, anangoti, "Eya," n'kupempha kuti ndiwasunthire mpando padzuwa.

Anamwalira m'tulo, mwezi wa Meyi, chimanga chitauma m'minda. Tinawaveka yunifolomu ija. Ndinapindanso mipando yakumbuyo, ndipo akwaya atabwera ndi chimkuzamawu chawo ndinawauza kuti achikweze mulole.

Titafika kumudzi, akuluakulu anandikodola kuti ndilowetse galimoto pabwalo tizungulire nyumba, ngakhale panali patangotsala zipupa. Mlongo wanga ndi amene anawaletsa. Anati amama anamuuza mobwerezabwereza kuti tsikulo likadzafika tisadzavutike, zotsazika anathana nazo kale. Akuluakuluwo anayang'anana, kenako anayang'ana ine. Palibe amene ananena kanthu, ndipo ndikanakonda akanandinyoza.

Choncho sitinaime. Tinadutsa nyumbayo kumbali, amama ali kumbuyo kwanga, n'kulowa kanjira ka kumanda, anthu akuyenda pansi mbali zonse ziwiri. Kanjirako n'kowongoka, kamatsetsereka kulunjika kumene dzuwa limalowera. Ndinayesetsa kuti ndisayang'ane m'mwamba, koma maso anapita okha. Kawindo kanali kuyaka bwinobwino, nambala ili 27, chilembo chili W. Ndinakweza dzanja kufuna kudina kabatani kaja, kenako ndinalibweza pachiwongolero. Ulendo uno panalibe chowonongeka choti ndikonze.